Mwana wa Eni pa Mkono Wanga

Sunthirani pafupi, sindikufuna kukweza mawu. Nkhaniyi ndinaifotokozapo kamodzi kokha, kwa mkulu wanga, ndipo iye anangondiuza kuti ndizipuma mokwanira. Nanunso mukhoza kunena zomwezo, sindidzakwiya.

Mwana wathu Tiyanjane anamwalira mu Febuluwale, ali ndi zaka makumi awiri. Anali m'chaka choyamba ku sukulu ya unamwino. Anafika kunyumba Lachisanu akudandaula mutu, ndipo pofika Lachiwiri tinali titamuika m'manda. Ine ndaphunzitsa jogalafe zaka zambiri pa sekondale ina kufupi ndi Lizulu, ndipo ondidziwa amati sindithamangira zinthu. Pamaliro sindinalire. Anthu anati aphunzitsi ndi olimba mtima, koma ine ndinali ndi mantha amodzi okha: kuti tsiku lina ndidzatseka maso n'kulephera kuona nkhope yake. Zinandichitikirapo kale ndi mayi anga. Mawu awo ndimawamvabe, duku lawo ndimaliona, koma nkhope inapita kalekale.

Manthawo ndi amene ananditengera kwa Lufeyo.

Lufeyo ndi bambo wa zaka makumi atatu amene amajambula zikwangwani za masaluni ndi mometera pa Lizulu. Kakanyumba kake kali kuseri kwa ogulitsa mbatatesi. M'menemo amalembanso matatuu, mphini za masiku ano zija, ndi kamakina kamene anapanga yekha kuchokera ku kamota ka wailesi, chibolopeni chopanda inki ndi singano yosokera. Anyamata a kabaza amalembetsa mikango ndi mayina a zibwenzi. Nditalowa ndi jekete langa, iye anaimirira msanga n'kufunsa kuti ndi mwana wa kalasi iti amene walakwa. Ndinamuonetsa chithunzi cha Tiya, ndinapinda mkono wa shati, n'kumulozera malo a pakati pa chigongono ndi dzanja.

Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenaka anati nkhope n'zovuta, bwanji angolemba dzina lokha ndi kaduwa pambali. Ndinakana. Anabwerezanso kachiwiri, ine ndinakananso, ndi mawu amene ndimalankhulira ana a Fomu 2. Anangoti chabwino.

Ntchitoyo inatenga maola atatu. Ululu sunandivute. Chimene ndinaona, koma sindinachiganizire nthawi imeneyo, n'chakuti singano itangoyamba kulira, Lufeyo sanayang'anenso chithunzi chija ngakhale kamodzi. Atamaliza anapaka mafuta, anakulunga ndi pepala la pulasitiki, ndipo potsazikana sanandiyang'ane kumaso.

Ndinaubisa mkonowo sabata yathunthu. Kutupa kutatha ndi nkhanambo zitagwa, ndinauyang'ana bwino padzuwa kuseri kwa nyumba. Inki inali itayenderera mbali ina, diso limodzi linali lotsika kuposa linzake. Zimenezo ndikanazipirira. Vuto linali lakuti sanali Tiya. Mwana wanga anali wa nkhope yozungulira ndi mphuno yanga yophwatalalayi. Uyu anali wa nkhope yaitali, masaya okwera, ndipo ankayang'ana pambali pang'ono, ngati munthu amene waima pakhomo la eni akudikira kuti amuuze kuti alowe.

Mayi a Tiya anandipeza pomwepo. Anaika ndowa pansi, anagwira mkonowo n'kuuyang'anitsitsa.

"Bambo a Tiya, ameneyu ndi mwana wa ndani?"

Anandiuza kuti munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, kukalembetsa mphini ngati wa kabaza, n'zoti anthu asamve. Anatsitsa mkono wa shati yanga, anamanga batani, n'kunyamula ndowa yawo. Nkhaniyo sitinaikambenso.

Patapita masabata awiri, kusesa kunayamba.

Kunali kusanache bwino, nthawi imene nkhuku zimayamba kutsika. Ndinamva tsache panja, likuyenda mofatsa, kuchokera kukhitchini kulowera kumpanda. Ndinaganiza kuti ndi mayi a Tiya, mpaka nditatembenuka n'kuwapeza ali pambali panga, maso ali tong'o. Titatuluka, bwalo lonse linali losesedwa, mizere ya tsache ili yokhota bwino ngati mamba a nsomba, zinyalala zitaunjikidwa pakona. Tsache linali litatsamizidwa pakhoma, mutu wake m'mwamba, mosiyana ndi m'mene timaliikira ife.

Ndinanena chimene mtima wanga unkafuna, kuti mwina ndi mwana wathu.

"Tiya wathu? Amene ankabisa tsache kuseri kwa nkhokwe n'kumanama kuti mbuzi zadya?"

Tinaseka. Kanali koyamba kuseka chimwalirireni mwanayo. Kenaka tinasiya limodzi, chifukwa ngati sanali Tiya, anali wina.

Kusesako kunapitirira m'mawa uliwonse. Sitinasuzumirepo pawindo, ndipo sindingakuuzeni chifukwa chake. Galu wathu anasiya kugona pakhonde, anasamukira kwa aneba. Chipeso cha Tiya chinasowa pawindo la kuchipinda kwake. Chitenje chake chobiriwira chinasowanso, n'kudzapezeka patapita masiku atatu chitapindidwa bwino pamphasa. Patapata wake tinkamupeza pakhomo la chipindacho atanyowa ndi mame. Chithunzi chake cha pabalaza, chimene anajambulitsa atavala yunifolomu yoyera, tinkachipeza chitatembenuzidwira kukhoma. Sichinagwetsedwepo kapena kusweka. Chinkatembenuzidwa mosamala, ngati wochitembenuzayo ankachita nacho manyazi.

Ndipo malo a mkono pamene panali nkhopeyo pankafunda. M'mwezi wa Juni, kuzizira kwa ku Lizulu mukukudziwa, zala zinkauma mpaka kulephera kugwira choko, koma pamenepo pokha pankakhala pofunda ngati pagona mwana.

Zonsezo ndikanakhala nazo. Chimene chinandiopsa chinachitika masana, m'kalasi. Ana ankakopera mapu a mitsinje, ine nditakhala pampando, ndipo ndinatseka maso kuti ndimuone Tiya monga ndinkachitira tsiku lililonse. Inabwera nkhope yaitali ija. Ndinatsegula maso, ndinatsekanso, inabweranso yomweyo. Ndinayesa kumukumbukira ali wamng'ono, akusamba m'beseni, akulandira mphatso pa sukulu. Thupi linali lake, diresi linali lake, koma pamwamba pake panali masaya okwera aja ndi maso oyang'ana pambali. Kunyumba ndinatenga chithunzi cha pabalaza n'kuchiyang'ana mpaka maso anawawa. Ndinkadziwa kuti ndi mwana wanga, monga ndimadziwira kutalika kwa phiri la Mulanje. Ndikangochiika pansi, ankachoka.

Ndinawauza mayi a Tiya patapita masiku asanu. Ankasankha nyemba. Sanakweze mutu, anangoti iwo akumuonabe bwinobwino, ndipo ngati ndikufuna azindifotokozera. Anayesa. Zinali ngati akundiuza za mwana wa ku mudzi wina.

Loweruka, tsiku la msika, ndinapita kuti ndikamuone Lufeyo. Ndisanafike ndinaima pa saluni ina kupewa ngolo, ndipo maso anga anagwera pa chikwangwani. Mtsikana wojambulidwapo anali ndi tsitsi loluka, koma nkhope inali imene ili pa mkono wanga. Ndinayenda mzere wonse wa mashopu. Pena anali ndi wigi, pena tsitsi lotchena, pena anavala ndolo. Ngakhale pa chikwangwani cha ometa amuna, mnyamata wometedwa m'mbali uja anali ndi masaya omwewo. Ndinkadutsa pamenepo zaka zonsezi osaona kanthu.

Lufeyo sindinamupeze, chitseko chinali chokhoma. Pobwerera tcheni cha njinga yanga chinagwa pa kamtsetse kena, ndipo ndinapinda manja a shati kuti ndichikonze. Ndili chiweramire, ndinamva munthu ataima kumbuyo kwanga. Anali mayi wachikulire, wowonda, atasenza dengu la kabichi. Anatula dengulo pang'onopang'ono, anagwada pafumbi, ndipo analankhula ndi mkono wanga, osati ndi ine.

"Felesiya, wadya?"

Kenaka anazindikira chimene wachita, anapepesa, nati ndi aNanzunga, mayi ake a Lufeyo. Tinakhala m'mbali mwa msewu ndipo anandifotokozera. Felesiya anali mlongo wake wa Lufeyo. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anakwera lole ya mbatatesi chifukwa wina anamulonjeza ntchito ya m'nyumba ku Tete. Sanabwerenso. Ena anati anadwala kolera, ena anati anakwatiwa, wina anati anaona mtembo wa mtsikana pansi pa mlatho. Abale atadikira zaka zitatu anapempha kuti achite mwambo wa munthu wosapezeka, aike thunthu la nthochi m'bokosi, alire, amete. ANanzunga anakana. Anawafunsa ngati mwana amene anabereka anali nthochi.

Ndinafunsa ngati mwanayo ankakonda kusesa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati ankadzuka nkhuku zisanatsike, moti anzake ankamuseka kuti adzasesa mpaka msewu wa boma. Anati tsiku lililonse la msika amazungulira masaluni kukamupatsa moni mwana wawo, anthu n'kumati gogo uja mutu sukuyenda.

"Koma matabwa aja ndi ozizira, aphunzitsi," anatero, chala chawo chili pakhungu langa. "Apa pokha ndi pofunda."

Lufeyo ndinamupeza Lolemba. Sanakane kanthu. Anati iye safuna, amayamba nkhope ina iliyonse ndi mtima wonse, koma dzanja limakathera pomwepo. Eni masaluni sadandaula chifukwa mtsikanayo ndi wokongola. N'chifukwa chake anandichonderera kuti alembe dzina lokha, chifukwa pakhungu la munthu anali asanamuikepo. Ndinamufunsa ngati angachotse. Anati kuchotsa sangathe, koma akhoza kuthira inki yakuda ponsepo pakhale chigamba. Ndinati Loweruka likudzali. Anavomera, koma anapempha kuti mayi ake asamve.

Ndinabwerera kunyumba mtima utakhala pansi. Ndinkafuna mwana wanga, ndipo ndinaganiza kuti wa eniyo akachoka, wanga adzabwerera pamalo pake.

Lachisanu m'mawa tsache silinayambire kukhitchini. Linayambira pabalaza, m'nyumba. Tinalimva likudutsa pansi pa mipando, likulowa m'kanjira ka kuzipinda, likubwera pang'onopang'ono mpaka pa chitseko chathu. Pamenepo linaima. Tinamva mawondo akugunda pansi, m'mene amagwadira mwana woleredwa bwino akafuna kulankhula ndi akulu. Ndiye kunali zii. Ndinaona kuti kuwala kochepa kumene kumalowa pansi pa chitseko kunali kotsekeka pakati.

Mayi a Tiya anadzuka n'kukhala tsonga, anakonza duku lawo, ndipo analankhula ndi mawu amene amalankhulira ana a Sande sukulu.

"Mwana iwe, takumva. Palibe akukuthamangitsa."

Panapita kanthawi. Kenaka tinamva tsache likuikidwa pansi mosamala, ndipo kuwala kunabwerera.

Kutacha mayi a Tiya anandiuza kuti zimene ndinapangana ndi Lufeyo azimva kwa mkazi wa ometa, chifukwa pa Lizulu palibe chinsinsi. Anati mwana wa eni sapirikitsidwa ngati nkhuku yolowa m'khitchini. Ndine ndinamuitana ndi singano yangayo, ndiye ndiyenera kumuperekeza. Tsiku lomwelo ndinapempha chilolezo kusukulu, tinanyamula ufa ndi shuga, n'kupita kwa aNanzunga.

Ine ndinangokhala pakampando panja pa khonde. Olankhula anali amayi awiriwo. ANanzunga atamva kuti tikupempha maliro, nkhope yawo inauma. Anati tabwera ndi shuga kudzawauza kuti aphe mwana wawo ndi pakamwa pawo. Anati ine ndili ndi manda oti ndikapalireko, ndili ndi zithunzi za magalasi, iwo ali ndi chiyani? Anandipempha, akundiyang'ana ine, kuti ndiusiye mkonowo momwemo, azibwera Loweruka lokha kudzaugwira, sadzativutitsa.

Ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma ndinawauza zoona, kuti chibwerereni mwana wawo, wanga sindikumuonanso. Mayi a Tiya anasendera pafupi, mpaka mawondo awo anagundana.

"Mayi, wanga ndinamusambitsa ndekha. Zinandiwawa, koma ndikudziwa pamene wagona. Wanu akusesa pakhomo pa eni. Akuvala patapata wa mnzake. Zaka zisanu ndi zinayi, sanapumepo."

Mthunzi wa nyumba unafika pamapazi anga. Kenaka aNanzunga anafunsa ngati amasesa bwino. Mayi a Tiya anati amasesa kuposa aliyense amene anamuonapo. Pamenepo aNanzunga anavula duku, analiika pamiyendo, n'kuyamba kulira maliro.

Mwambowo unachitika patapita masiku anayi. Adzukulu okumba manda anadula thunthu la nthochi lotalika ngati mtsikana. Amayi osambitsa mtembo atafunsa kuti asambitsa chiyani, aNanzunga anati nthochi sangaisambitse, ayitane aphunzitsi. Akuluakulu anakambirana kaye, chifukwa mwamuna salowa m'chipinda chimenecho. Anagwirizana zopachika chitenje pakati. Ine ndinakhala kuno, n'kulowetsa mkono kuseri.

Sindinaone kanthu. Ndinamva madzi ofunda, sopo, kansalu kakupukuta pang'onopang'ono. Ndinamva mafuta akudzozedwa. ANanzunga ankalankhula motsitsa, akumuuza mwana wawo za amene anamwalira iye atachoka, za amene anakwatiwa, za mbuzi yake imene inaswa kasanu. Anamuuza kuti ntchito yatha, aweruke. Kenaka anakulunga mkonowo ndi nsalu yoyera, anaisiya kanthawi, n'kuimasulanso kuti akakulungire thunthu lija.

Nsaluyo ikuchoka, dzanja lina linandigwira pamfundo ya dzanja, kuchokera pansi. Linali laling'ono, chikhatho chake chokhakhala. Linafinya kamodzi n'kundisiya. Pambuyo pake ndinawafunsa mayi a Tiya, amene anali kuseriko, kuti anandigwira ndani. Anati iwo anali atanyamula beseni, mayi mmodzi yekha wosambitsa amene anali nawo anali pakhomo kukhuthula madzi, ndipo aNanzunga manja onse awiri anali pansalu.

Popita kumanda mmodzi wa onyamula bokosi anati likulemera kuposa m'mene amayembekezera. Mnzake anati nthochi ndi madzi okhaokha, imalemera.

M'mawa mwake, ameta kale, Lufeyo anabwera kunyumba kwathu ndi kamakina kake. Anayamba kuthira inki yakuda m'mbali, akuzungulira, akusiya maso kuti akhale omaliza. Atafika pamenepo anaima, anapukuta nkhope yake ndi shati, anapempha madzi akumwa. Kenaka anamaliza. Pofika madzulo malowo anali atazizira ngati khungu lina lonse.

Kusesa kunatha. Masamba anayambanso kuunjikana pabwalo, ndipo tinawasiya masiku angapo tisanawagwire.

Koma Tiya sanabwerere. Ndikatseka maso, nkhope yaitali ija kunalibe, ndipo yozungulira ija kunalibenso. Kunali diresi, mapewa, ndi malo opanda kanthu. Julaye anatha, Ogasiti anatha. Ndinayamba kuvomereza kuti ndinachita ndekha, kuti pofuna kumumanga ndinapereka malo ake kwa wina, ndipo palibe amene anandilonjeza kuti adzandibwezera.

Mu Seputembala, masana ena otentha, ndinali kuchonga mayeso pakhonde. Sindinkamuganizira n'komwe. Ndikutembenuza pepala, ndinaona nsidze. Imodzi yokha, yakumanzere, yodukiza pakati pamene anadzitema pa mlomo wa mtondo ali ndi zaka zinayi. Inali itakwera pang'ono, m'mene ankaikwezera ndikanena nthabwala yosaseketsa. Ndinakhala osasuntha, kuopa kuti ithawa. Sinathawe.

Ndinawaitana mayi a Tiya n'kuwauza. Anati chipseracho chinali kumanja. Ndinati kumanzere. Tinatsutsana ngati ana, mpaka iwo anagwira nsidze yawo ndi chala, nati eya, kumanzere, chifukwa ankagonera mbali inayo bala lisanapole.

Papita chaka tsopano. Ndili ndi nsidze imeneyo, khutu limodzi, ndi mlomo wam'mwamba. Zimabwera zokha, miyezi itatalikirana, ndipo ndaphunzira kuti ndikazikoka zimabwerera m'mbuyo. Maso sanafike. Sindikuwafulumizitsa, mwana wanga sankakonda kuitanidwa kawiri.